Nati ya wilo lakumbuyo ikakana kumasuka

Pa manati onse a pa njinga yamoto, palibe imene imakumana ndi sipanala kawirikawiri kuposa ya pa ekiselo ya wilo lakumbuyo. Chubu chikabooka, ndi yomweyo. Tcheni chikakhwepa n'kuyamba kumenya chophimba chake, ndi yomweyo. Mabuleki akatha, siporoketi ikatha mano, mabeyaring'i akayamba kulira, njira yonse imadzera pa nati imodzi yomweyo. Ndiye tsiku limene yakana kumasuka, ntchito ya kanthawi kochepa imadya m'mawa wonse, ndipo kwa wakabaza amene mwini njinga akudikira ndalama yake madzulo, kutaya m'mawa wonse si nkhani yamasewera.

Kale njinga yamoto inali ya anthu owerengeka: mlangizi wa zaulimi ndi Yamaha yake ya DT kapena AG, wa zaumoyo ndi Honda XL, ansembe popita kukachita misa kumidzi. Ikawonongeka inkapita ku galaja ya kuntchito. Lero zinthu zatembenuka. Pa siteji iliyonse, kuyambira ku Chinsapo ndi ku Area 25 mu Lilongwe mpaka ku Ndirande, ku Bangwe, pa Jenda ndi pa Tsangano, pamakhala mzere wa ma Boxer ndi ma TVS ochokera ku India, komanso ma Lifo, ma Sanlg ndi ma King Lion opangidwa ku China. Zambiri za ku China zokhala ndi injini ya 125 kapena 150 zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, njinga imene inatuluka mu 1975 pofuna kuthandiza anthu a m'mayiko momwe njinga imasenza katundu wambiri koma chisamaliro n'chochepa. Eni njinga za lerozi alibe galaja ya kuntchito. Ali ndi khonde, mthunzi wa mtengo wa mango, ndi kathumba ka masipanala kamene kanabwera ndi njinga, ngati sikanasowe kale.

Ine ndili m'gulu la amene amakhulupirira kuti aliyense wokhala ndi njinga ayenera kudziwa kuchotsa wilo lakumbuyo yekha. Sikuti amakaniko tiwalande chakudya pakamwa. Ntchito za injini ndi zamagetsi zilipo zokwanira. Koma tayala limaphwa pamene lafunira, nthawi zambiri pakati pa mudzi ndi mudzi, thumba la chimanga lili kumbuyo, dzuwa likupendeka. Chimene chimandiwawa n'kuona mmene nati imeneyi imazunzikira m'manja mwa anthu amene akufuna kuchita bwino.

Loweruka lina ndinaima pampanda kuonerera mnyamata woyandikana naye nyumba akulimbana nayo. Anaika sipanala yotsegula kukamwa, yaifupi, ya m'kathumba kaja, n'kukankha ndi dzanja. Nati ili gwa. Anaponda ndi phazi limodzi atagwira kaliyala. Nati ili gwa. Anakwerapo ndi thupi lonse n'kudumpha kawiri, ndipo kachitatu sipanala inaterereka, msongolo n'kukamenya popondera, magazi n'kuyamba kutsika kulowa m'silipasi. Ngodya ziwiri za natiyo zinali zitayamba kale kunyezimira, chizindikiro chakuti zadyeka. Akulowa m'nyumba kukatenga hamala ndi tchizulo, panadutsa bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yoyendetsa malole zaka zambiri.

"Iwe mphwanga, taima kaye. Pini wachotsa?"

"Pini yake iti, madala?"

Bamboyo anagwada, n'kupala matope ouma a pamutu pa nati ndi kamtengo. M'kampata kamodzi munaoneka kamutu ka msomali kothyoka, kofiira ndi dzimbiri, kamene wina anakalowetsa m'malo mwa pini kalekale. Mphamvu zonse zija mnyamatayo ankalimbana ndi msomali umene sanauone.

Chimene chimaiumitsa

Chifukwa chofala kwambiri n'chakuti amene anaimanga komaliza anapyola muyeso. Munthu ameneyu sindimuda. Amene anamvapo wilo likugwedezeka njinga ili pa liwiro, kapena anakazondako odwala kuwodi ya mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth, kumene ovulala pa njinga zamoto sasowa, amadziwa chifukwa chake nati yokhwepa imaopsa. Ndiye amavekera paipi pa sipanala, kukwerapo, mpaka natiyo ilire, n'kunena ndi mtima woyera kuti, "Ndamanga zenizeni, bwana, pitani bwino."

Vuto n'lakuti kulimba kuli ndi malire ake, ndipo opanga njinga anawalemba m'buku. Mphamvu yomangira nati amaiyeza mu Nm, ndipo masamu ake ngosavuta: kulemera kumene mwaika pa sipanala m'makilogalamu, kuchulukitsa ndi kutalika kwa sipanalayo m'mamita, kenaka kuchulukitsanso ndi pafupifupi 10. Njinga zing'onozing'ono ngati za kabaza zimafuna pakati pa 50 ndi 90 Nm pa nati imeneyi, malinga ndi mtundu wake, pamene zikuluzikulu zambiri zimapitirira 100. Tsono taonani. Munthu wolemera makilogalamu 60 akaima ndi thupi lonse kumapeto kwa sipanala ya masentimita 30, waika pafupifupi 180 Nm, kuwirikiza kawiri kapena katatu muyeso wofunika. Akawonjezera paipi ya mita imodzi, wayandikira 600. Akadumphirapo, palibenso angawerenge. Chonsecho ekiselo ya njinga yaing'ono ndi kachitsulo konenepa mamilimita 12 mpaka 15 basi. Mphamvu yotereyi imakakoka n'kukatalikitsa pang'ono, mazinga amapindika n'kulumana, ndipo kapaipi kamene kamakhala pakati pa mabeyaring'i awiri mkati mwa habu kamatha kufinyika. Pakapita masabata angapo mwini njinga akudandaula kuti mabeyaring'i a masiku ano ngabodza, pamene anawapha ndi phazi la munthu.

M'tauni mwabweranso mfuti ya mphepo ija ya kokonzera matayala a galimoto. Pomasula ndi chida chabwino kwambiri, chifukwa imamenya timikwingwirima tambirimbiri timene timathyola dzimbiri popanda kugwetsa njinga. Pomanga ndiye ayi. Imene imamanga mawilo a minibasi siyenera kuyandikira ekiselo ya Lifo.

Kenaka pali dzimbiri. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nati imeneyi imakhala m'matope tsiku lililonse, pafupi ndi nthaka. Madzulo njinga ikatsukidwa kumtsinje ndi sopo waufa, kagirizi kamene kanatsala kamachoka, madzi n'kutsalira m'mazinga. Nthawi yodzala amasenzanso matumba a fetereza, ndipo fumbi la fetereza likakumana ndi chinyezi limadya chitsulo mofulumira zedi. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, kotero timipata tonse ta pakati pa nati ndi ekiselo timadzaza, ziwirizo n'kusanduka chinthu chimodzi.

Chifukwa china anthu sachitchula kawirikawiri, koma ndachiona chikuwononga maekiselo ambiri. Nati yoyamba ikasowa kapena ikadyeka, munthu amathamangira ku hadiweya kukagula ina yooneka yofanana. Kukula kwa bowo kungafanane, koma mazinga ayi. Ekiselo ya njinga imakhala ndi mazinga oyandikana: ya mamilimita 14 imakhala ndi mpata wa 1.5 pakati pa zinga ndi linzake, ya mamilimita 12 kawirikawiri 1.25. Nati wamba ya m'hadiweya imakhala ndi 2.0 ndi 1.75. Nati yotere imalowa ndi zala kamodzi kapena kawiri, kenaka n'kuuma. Kuuma kumeneko n'chenjezo, koma wosadziwa amati ndi mmene zatsopano zimakhalira, n'kuikakamiza ndi sipanala mpaka kumapeto. Imene yalowa motere imatuluka itatenga mazinga a ekiselo.

Musanaike mphamvu

Ntchito yoyamba si ya sipanala, ndi ya burashi ya waya ndi maso. Tsukani natiyo mpaka muone chitsulo, makamaka mazinga otsala kunja kwa nati, chifukwa ndi momwe iyenera kudutsa potuluka. Ikakhala ndi timipata pamutu pake, pali pini ya miyendo iwiri yodutsa m'bowo la ekiselo, kapena chilichonse chimene wina anaikamo m'malo mwake: msomali, waya, kachidutswa ka sipoko. Wongolani miyendoyo ndi pulayala, kokani, ndipo ikathyokera mkati, ikhomereni kunja ndi kamsomali kowonda. Njinga zina zilibe pini. Nati yake ili ndi kachitsulo kopyapyala kapena kamkombero ka nayiloni kumutu kamene kamagwira mazinga. Yotereyi imakhala yolimbirako njira yonse ngakhale itamasuka, ndipo si vuto.

Yang'ananinso ngati manati ali awiri. Njinga zambiri zokhala ndi chophimba chotsekera tcheni chonse zili ndi nati yaing'ono kunja, yomwe ndi ya ekiselo, ndi ina yaikulu kumbuyo kwake imene imagwira chonyamulira siporoketi. Pochotsa wilo lokha, yaikuluyo siifunika kukhudzidwa, ndipo ndiko kukoma kwa kapangidwe kameneka: wilo limatuluka, tcheni n'kutsala pamalo pake. Pokoka tcheni m'pamene zonse ziwiri ziyenera kumasulidwa. Ndaonapo anthu akuthyola timabawuti tokokera tcheni chifukwa anamasula yaing'ono yokha.

Ena amati ikani njinga m'giya kapena pondani buleki kuti nati isazungulire. Pa njinga zathuzi zimenezo sizithandiza, chifukwa ekiselo siizungulira ndi wilo. Wilo ndilo limazungulira pa ekiselo. Nati ikamazungulira koma osatuluka, ndiye kuti ekiselo yonse ikutembenuka nayo, ndipo mankhwala ake n'kugwira mutu wa ekiselo mbali inayo ndi sipanala yachiwiri, kapena kulowetsa kachitsulo m'bowo ngati mutuwo uli wabowo. Malangizo a giya ndi buleki ndi a njinga zikuluzikulu zogwira wilo mbali imodzi yokha, monga ma Ducati ena amene nati yake ndi ya mamilimita 55 ndipo imamangidwa mpaka 230 Nm. Kumeneko n'komwenso kuli mazinga obwerera: pa MV Agusta ya ku Italy nati ya wilo lakumbuyo imamasukira kumanja. Ife zoterezi timazidziwa pa pedulo yakumanzere ya njinga yakapalasa ndi pa mawilo akumanzere a malole ena a ku Japan. Koma pa njinga za kabaza nati ya ekiselo imamasuka mwa masiku onse, mobwerera mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ndanena zimenezi chifukwa munthu akawerama kuchokera pamwamba pa mpando, kapena akaimira mbali inayo, mutu umasokonezeka, n'kumamanga akuganiza kuti akumasula.

Ngati pali dzimbiri, thirani mafuta olowerera ndipo muwapatse nthawi. Kachitini ka WD-40 kapena ena opopera ngati amenewo n'kabwino, koma palafini kapena dizilo amagwiranso ntchito. Ambiri amakonda mafuta a mabuleki. Amalowerera ndithu, koma amasupula penti, ndiye ine sindiwalimbikitsa. Chilichonse chimene mwathira, chisalowe m'ng'oma ya mabuleki. Chachikulu ndi nthawi. Kuthira kenaka n'kuyamba kukoka pompo n'kungotaya mafuta. Amene akudziwa kuti mawa asintha tayala athire usiku, athirenso m'mamawa. Pakati pake, tsamiritsani hamala yaikulu kapena chitsulo cholemera mbali imodzi ya nati, n'kumenya mbali yoyang'anizana nayo ndi hamala ina, pathyathyathya osati pangodya, kangapo, mosapsa mtima. Kugwedezeka kumeneko kumang'amba dzimbiri n'kutsegulira mafuta njira.

Chida ndi kaimidwe

Apa m'pamene nkhani yonse imapindulira kapena kuwonongekera. Sipanala yotsegula kukamwa imagwira nati pangodya ziwiri zokha, ndipo ikakhala yachitsulo chofewa, monga zambiri zotchipa za pamsika, kukamwa kwake kumayasama mphamvu ikachuluka. Shifiting'i ndiye yoipitsitsa, chifukwa nsagwada yake imasewera. Chofunika ndi sipanala ya ring'i, kapena koposa zonse soketi ya ngodya zisanu ndi imodzi, imene imakumbatira nati mbali zonse. Ya ngodya 12 imalowa mosavuta koma imagwira kunsonga kwenikweni kwa ngodya, kumene nati yotopa imayambira kudyeka. Pa njinga zazing'ono saizi imakhala pakati pa 17 ndi 24. Dziwani yanu, gulani imodzi yabwino ya saizi imeneyo, ndipo muziisunga pa njinga. Ndikadakhala ndi mphamvu pa masiteji a kabaza, ndikadati gulu lililonse lisonkhe ndalama ligule masoketi atatu kapena anayi ndi chogwirira chachitali, zizikhala kwa tcheyamani. Amasonkherana kale pa maliro ndi pa matenda. Izi n'zazing'ono poyerekeza. Pakasowa zonse, sipanala yamtanda ya mawilo a galimoto imakhala ndi masaizi anayi, kuphatikizapo 17, 19 ndi 21, ndipo ikakwana bwinobwino ndi chida champhamvu.

Paipi yowonjezera si tchimo pomasula. Koma ivekedwe pa chogwirira cholimba kapena pa ring'i yabwino, osati pa chogwirira chija cholira kuti tcheketcheke, chifukwa timano take ta mkati timathyoka.

Natiyo ithyoledwe mphamvu wilo likadali pansi. Ambiri amayamba n'kukweza njinga pa sitandi yapakati kapena pa njerwa, kenaka n'kuyamba kukankha, njinga n'kugwa, galasi ndi chogwirira kilatchi n'kuthyoka. Pezani mnzanu akhale pampando, mapazi onse pansi, atagwira buleki yakutsogolo. Mukakhala nokha, mangani buleki yakutsogoloyo ndi mphira ya chubu chakale ndipo tsamiritsani njinga kukhoma. Kenaka ikani chogwirira mopingasa kuti mphamvu yanu ipite pansi, chifukwa kukokera m'mwamba kumanyamula njinga. Nati ikakhala kumanzere kwa njinga, chogwirira chiloze kutsogolo; ikakhala kumanja, chiloze kumbuyo. Mukatero, kukanikizira pansi ndiye kumasula, ndipo simungasokonezeke. Dzanja limodzi likanikize soketi kuti isapendeke pa nati, linalo likhale kumapeto kwa paipi. Onjezani kulemera pang'onopang'ono, osadumpha, mawondo atapindika, nkhope ili kutali ndi kaliyala, mukudziwa kumene thupi lipite chinthucho chikamasuka mwadzidzidzi. Amakaniko akale amayamba aikankhira komangira pang'ono chabe asanaibweze, ndipo nthawi zambiri kagwedezedwe kameneko n'kokwanira kuthyola dzimbiri.

Ikalola imalira kamodzi kuti tha! Musathamange. Ngati ikulimbabe potuluka, ibwezeni pang'ono, thirani mafuta, itulutseninso, uku ndi uku, kuti zinyalala za dzimbiri zizituluka m'malo mounjikana patsogolo pake. Manati ambiri amene anamasuka bwino amakafera panjira chifukwa eni ake anasangalala msanga.

Ngodya zikatha

Tinene kuti mwafika mochedwa, natiyo yazungulira kale mutu. Apa lamulo langa n'limodzi: nati iwonongeke, ekiselo ipulumuke. Nati ndi yotchipa, pamene ekiselo yeniyeni ya njinga yanu mwina muyenera kukaifuna ku Limbe kapena kwa Malangalanga, ndipo imene mungaipeze pafupi ingakhale yachitsulo chosadalirika.

Ngati ngodya zangodyeka pang'ono, soketi yocheperako pang'ono yokhomeredwa ndi hamala imagwira. Masaizi a mainchesi amathandiza pamenepa: 15/16 ndi mamilimita 23.8, ndiye imakhala bwino pa nati ya 24 imene yadyeka. Njira ina n'kupala mbali ziwiri zoyang'anizana ndi tupa mpaka zikhale zathyathyathya, kuti sipanala ya saizi yotsikirapo igwire. Bobojani, sipanala ya mano ija ya okonza mipope, imaluma kwambiri mukamaikoka, ndipo pa nati yoti itayidwa kale ndi yabwino. Tchizulo ndi hamala zibwere pambuyo pa zonsezi, osati poyamba monga ambiri amachitira. Dulani kamphako m'mbali mwa nati, pendeketsani tchizulo kulozera komasukira, menyani. Mukalephera, dulani natiyo ndi sowo ya zitsulo motsata utali wa ekiselo, kuima musanafike pa mazinga, kenaka lowetsani tchizulo mumng'aluwo. Imatseguka yokha.

Za moto ndiyenera kunena mosamala, chifukwa ndi njira yogwira ntchito komanso yoopsa. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndiye nati ikatenthedwa msanga ekiselo isanatenthe, imakula pang'ono n'kusiya kugwira. Koma pa njinga yamoto chilichonse chili pafupi: thanki ya petulo, kapaipi ka petulo, tayala, timphira totsekera girizi m'mabeyaring'i, ndi palafini yemwe mwathira uja. Ndamvapo ena akuti amayatsa kansanza konyowetsa petulo pa natipo. Chonde, zimenezo ayi. Lawi lotero silitenthetsa nati mokwanira, koma likhoza kutha njinga ndi nyumba yomwe. Ngati pafunika moto, kankhirani njinga kwa owotcherera. Iwo akhoza kutenthetsa nati yokha, kapena kuwotchererapo nati ina yaikulu kapena kachitsulo kogwirira, ndipo kutentha kwa kuwotchererako kumathandizanso kuimasula. Musanawalole kuyamba, tsekani petulo, pukutani mafuta onse, chotsani mawaya a batire ndi a kabokosi ka CDI, ndipo waya wawo wa ethe augwiritse pa ekiselo pomwepo. Akaugwiritsa patali, magetsi amatha kudutsa m'mabeyaring'i n'kuwasiya ndi timabala timene mudzatimva pakapita mwezi.

Nthawi zina nati imatuluka koma ekiselo n'kukana kusolola, chifukwa yamatirira ku timapaipi ta m'kati. Musamenye nsonga yake ndi hamala mwachindunji. Imafutukuka ngati bowa ndipo nati siidzalowanso. Bwezeretsani nati yakale mpaka ifanane ndi nsonga, ikani kathabwa kolimba pamwamba, menyani pamenepo. Wina anyamuleko wilo pang'ono kuti kulemera kwake kusapanikize ekiselo, ndipo muziitembenuza uku mukukoka. Musanafike apa mukhale mutamasula kale kandodo ka buleki ndi kachitsulo kamene kamagwira mbale ya mabuleki kuti isazungulire. Timapaipi totalikitsa ta m'mbali tikamagwa, tiyaleni pansalu mmene tinakhalira, lakumanzere kumanzere, lakumanja kumanja. Sitifanana, ndipo kutisinthanitsa kumakhotetsa wilo.

Pobwezera

Nati imene idzavute miyezi itatu ikubwerayi ikumangidwa lero, ndiye gawo ili ndilo ndimalitenga kukhala lofunika kuposa onse. Palani dzimbiri la pa ekiselo ndi sandipepala yosalala, igubuduzeni pagalasi kapena patebulo losalala kuti muone ngati inapindika, ndipo yang'anani mazinga. Akakhala opyapyala, onyezimira kapena otalikirana pena, ekiseloyo yatha, musainyengerere. Pakani girizi wochepa pathupi pake pomwe pamadutsa m'mabeyaring'i ndi m'timapaipi, koma mazinga akhale oyera ndi ouma, pokhapokha buku la njinga yanu litanena zina. Miyeso ya m'mabuku ambiri ndi ya mazinga ouma. Mukawapaka girizi nati imaterera, n'kumangika kwambiri kuposa mmene dzanja likumvera. Nati yatsopano igulidwe kogulitsa zipangizo za njinga, mutatenga ekiselo m'manja, ndipo ilowe ndi zala mpaka pomwe payambira chogwirira chake.

Kokani tcheni nati isanalimbe. Pa njinga zambiri zamumsewu, pakati pa tcheni payenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30, ndipo za m'tchire monga XL ndi DT zimafuna ochulukirapo. Zungulitsani wilo mupeze pomwe tcheni chimalimba kwambiri, muyezere pamenepo, chifukwa tcheni chakale sichitha mofanana. Wakabaza akumbukire kuti akakweza munthu ndi katundu tcheni chimakokeka, ndiye chomangidwa kwambiri njinga ili yopanda kanthu chimadya siporoketi ndi beyaring'i ya ku giyabokosi. Timizere ta mbali zonse ziwiri tifanane kuti wilo liyang'ane kutsogolo. Pa njinga ya mabuleki a ng'oma, pondani buleki pamene mukumanga nati, kuti mbale ya mabuleki ikhazikike pakati.

Nanga muyeso muudziwa bwanji popanda sipanala yoyezera, imene ngakhale magalaja ambiri alibe? Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Kulemera kumeneko kukakhala pa masentimita 30 kuchokera pakati pa nati, chogwirira chili chopingasa, ndi pafupifupi 60 Nm. Pa masentimita 45 ndi pafupifupi 90. Mukhoza kuchipachika chigubucho ndi chingwe pa paipi, pamalo pomwe mwayeza ndi tepi, n'kuona pamene nati yasiya kuyenda. Mukachita zimenezi kamodzi kapena kawiri dzanja limaphunzira, ndipo mudzadabwa kuti muyeso woyenera ndi mphamvu ya mkono wa munthu wamkulu, phazi silifunika n'komwe. Chimene chimaletsa nati kumasuka panjira ndi muyeso umenewu pamodzi ndi pini kapena chogwirira chake, osati kulira kwa chitsulo.

Pini ikhale yatsopano nthawi zonse, chifukwa yopindidwa kawiri imathyoka, ndipo msomali ulibe miyendo yoti muipinde. Kampata ka nati kakapanda kulunjika ndi bowo, pitirizani kumanga pang'ono mpaka kalunjike, osabweza m'mbuyo. Nati yopanda pini ija ikayamba kulowa ndi zala mpaka kumapeto osagwira, yatha ntchito, isinthidwe. Bwezerani kachitsulo kogwira mbale ya mabuleki pamodzi ndi kapini kake. Kameneka kakasiyidwa, buleki yoyamba yamphamvu imazungulitsa mbale yonse n'kukulunga kandodo, wilo n'kutseka. Chunaninso buleki, chifukwa wilo likasunthira kumbuyo pokoka tcheni, popondera pamasintha, ndipo onani ngati nyali ya buleki ikuyaka nthawi yake. Zungulitsani wilo ndi dzanja mumve ngati pali pokhula. Kenaka yendani pang'onopang'ono kuzungulira mudzi muli nokha, osakweza munthu, pondani buleki kangapo, mubwere mudzaikenso sipanala pa natiyo ndi kuyezanso tcheni musanapite ku siteji.